Chikwapu Sichiphunzitsa Mphaka

Chimanga chikalowa m'nyumba, makoswe sachedwa kumva fungo. Banja lina la ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, lidaziona zimenezi m'mwezi wa June, litangotuta chimanga chake kuchokera kumunda wa kumudzi ku Mitundu. Matumbawo adawasanja m'kachipinda kosungiramo katundu, koma sabata isadathe tulo tidasowa. Makoswe ankathamangitsana kudenga usiku wonse, ndipo kukacha ankapeza matumba atabooledwa, chimanga chili mbwee pansi.

Bambo wa m'nyumbamo adati akagule mankhwala a makoswe, koma mayi adakaniza. M'nyumbamo mudali mwana wa zaka ziwiri amene ankatola chilichonse n'kuponya m'kamwa, ndipo mayiwo adali oyembekezera.

"Abambo ake, poizoni m'nyumba ya mwana ayi. Tipezereni mphaka."

Mayiwo adaganiza bwino, pakuti ubale wa munthu ndi mphaka udayambira pa nkhokwe pomwepo. Zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anthu a ku Middle East atayamba kulima ndi kusunga tirigu ndi barele, tinyama toba mbewu tidakhamukira m'midzi mwawo, ndipo amphaka a m'tchire, a mtundu wa vumbwe amene timamudziwa kunoyu, adatitsatira. Pachilumba cha Cyprus akatswiri ofukula zakale adapeza manda a zaka pafupifupi 9,500, momwe munthu adaikidwa moyandikana ndi mphaka. Mphaka wa m'nyumba zathu ndi mdzukulu wa vumbwe, ndipo adatengera kwa makolo akewo khalidwe limodzi limene nkhani yonseyi yagonapo: akafuna kudzithandiza amafunafuna dothi lofewa kapena mchenga, n'kupalasa kadzenje, akatha n'kukwirira. Palibe amene amamuphunzitsa zimenezi ndi ndodo. Amabadwa nazo.

Patapita masiku ochepa, bambo adabwera kuchokera kuntchito katoni ili m'manja. Mnzawo wina, amene mphaka wake adali ataswa ana asanu, ankangofuna kuti anawo achoke msanga pakhomo pake. M'katonimo mudali kamphaka kotuwa, kokwana m'dzanja limodzi, koyenda modzandira. Kadali ka milungu itatu yokha. Mwana wamkulu wa m'banjamo, mtsikana wa sitandade 5, adakakonda nthawi yomweyo ndipo adakayalira juzi yake yakale kuti kazigonapo.

Vuto lidabwera ndi katoni yomweyo. Mwana wa mphaka amabadwa wosaona ndi wosamva, wolemera magalamu pafupifupi 100, ndipo maso amatseguka pakatha masiku 7 mpaka 10. M'milungu itatu yoyambirira satha ngakhale kukodza kapena kuchita chimbudzi payekha; make amamunyambita pamimba ndi kunsi kwa mchira kuti zituluke, n'kumuyeretsa. Akafika milungu itatu kapena inayi m'pamene amayamba kudzithandiza yekha, n'kumalondola make ndi abale ake kupita pamene pali dothi mpaka atazolowera malowo ndi fungo lake. Kuyamwa amasiya pang'onopang'ono, pofika milungu 8. N'chifukwa chake madokotala a ziweto amati mwana wa mphaka asachoke kwa make asanakwanitse milungu 8, ndipo ambiri amaonjezera kuti kudikira mpaka milungu 12 n'kwabwino koposa. Kamphaka aka kadalandidwa make pa nthawi yeniyeni imene kankayenera kuyamba kuphunzira.

Usiku woyamba kadalira mpaka tambala woyamba, chifukwa cha njala ndi chisanu cha June. Mayi adakamvera chisoni, adakathirira mkaka wa ng'ombe wothira shuga m'kambale. Ambirife timakhulupirira kuti mphaka ndi mkaka sizisiyana, koma mkaka wa ng'ombe sufanana ndi wa make. Mulibe zomanga thupi zokwanira kamwana ka mphaka, ndipo m'mimba mwa amphaka ambiri suyenda bwino. Pofika tsiku lachitatu, kamphakako kadali katayamba kutsegula m'mimba.

Nanga kakadapita kuti? Palibe amene adaganiza zokakonzera malo.

"Mphaka ndi waukhondo, amadziwa yekha kupita panja," adatero bambo.

Koma pansi m'nyumbamo padali simenti. Zitseko zinkatsekedwa dzuwa likangolowa, pakhomo padali masitepe aatali, ndipo panja pankayendayenda galu wa aneba. Kamwana ka msinkhu umenewu sikatha kupirira nthawi yaitali. Kakamva kuthina kamafuna malo pompo, osati kuseri kwa nyumba.

Tsiku limenelo mayi adali atachokera kuchigayo. Ufa adauyanika pamkeka masana onse, madzulo n'kuuwolera m'thumba. Wotsala pang'ono, woti aphikire mwana phala m'mawa, adausiya m'lichero kunsi kwa tebulo la kukhitchini. Pakati pa usiku kamphaka kadayendayenda pasimenti pozizira, kakununkhiza uku ndi uku, mpaka kadafika pa licherolo. M'mphepete mwake mudali mwafupi, mokwereka. M'kati mudali chinthu chouma, chofewa, chopalasika. Kadachita zimene chibadwa chake chidakalamula: kadapalasa, kudzithandiza, n'kukwirira bwinobwino. Kutacha, mayi akusefa ufa, sefa idagwira zimene sadayembekezere.

Ufa wonsewo udatayidwa, lichero lomwe. Mkwiyo wa m'nyumbamo ndi womveka, chifukwa ufa woyera umadya ndalama ndi thukuta, kuyambira kukonola, kuviika mphale, kuyanika, mpaka kugayitsa. Mayi woyandikana nawo nyumba atamva phokosolo adasuzumira pampanda n'kupereka malangizo amene ambiri tidawamvapo.

"Anzanga, kagwireni pakhosi mukakhudzitse mphuno pa zonyansa zakezo, kenako mukakwapule. Sikadzayambiranso."

Bambo adachitadi zomwezo, patapata ali m'manja. Mtsikana uja adalira, koma adauzidwa kuti chiweto chimamva ndi ululu.

Kamphakako kadaphunziradi, koma osati zimene bamboyo ankafuna. Chiweto sichitha kulumikiza chilango cha m'mawa ndi zimene chidachita pakati pa usiku. Chimene kadatolapo n'chakuti munthu ndi woopsa, makamaka pamene pali fungo la chimbudzi chake. Kuyambira tsiku limenelo sikadadzithandizenso pamene diso la munthu lingafike. Kadayamba kulowa kunsi kwa bedi, kuseri kwa matumba a chimanga, m'dengu la zovala za mwana, ngakhale m'nsapato ya bambo yovala popita kutchalitchi. Paliponse pamene kakodzapo kamodzi, fungo linkakaitana kuti kabwererenso. Akapeza, chikwapu. Chikwapu chikachuluka, kubisala nako kunkachuluka.

Nyumba idayamba kununkha. Kukabwera alendo mayi ankasowa poyang'ana, ndipo kumpopi kudayamba manong'onong'o akuti mphaka wochita chimbudzi mu ufa si mphaka wamba, alipo wamutuma. Mawu oterewa aphetsa amphaka ambiri osalakwa m'midzi ndi m'matauni mwathu. Mayiwo sadawalabadire, iwo adangolimbikira kukolopa. Adagula mankhwala ophera majeremusi, aja oti ukathira m'madzi, madziwo amasanduka oyera, n'kumakolopera nyumba yonse m'mawa ndi madzulo. Sankadziwa kuti mankhwala a mtundu umenewu, okhala ndi phenol kapena zina za m'gulu lake, ndi poizoni kwa mphaka. Mphaka akaponda ponyowa amanyambita mapazi ake, ndipo chiwindi chake chilibe mphamvu yochotsa mankhwala otere m'thupi monga chimachitira chiwindi cha munthu.

Sabata yachiwiri ikutha, kamphaka kadasiya kusewera. Ubweya udanyankhalala, mimba idafufuma, nthiti zikuchita kuwerengeka. Kankangogona pafupi ndi mbaula, maso atalowa m'kati. Kutsegula m'mimba kumamaliza madzi m'thupi mofulumira kwambiri pa kanyama kosakwana n'theka la kilogalamu lomwe.

"Ababa, kakudwala. Chitanipo kanthu," adachonderera mtsikanayo.

Bamboyo sadali munthu wouma mtima. Adatsegula kabati, natenga m'bulu wa panado, kuubenthula pakati, kusungunula theka m'supuni ya madzi, n'kukamwetsa. Ankaganiza kuti chothandiza mwana wa munthu chingathandizenso mwana wa mphaka. Pofika madzulo nkhope ya kamphaka idali itatupa, nkhama zitada, kakupuma movutikira.

Zimene adamva kwa dokotala wa ziweto

Kutacha, mayi ndi mtsikana uja adakulunga kamphakako m'chitenje n'kukwera minibasi kupita kwa dokotala wa ziweto. Adafika kakupumabe, koma kadatsirizika dokotalayo asadamalize n'kukapima komwe. Dokotalayo, mayi wachikulire ndithu, sadawakalipire. Adawakhazika pansi n'kuwafunsa zonse, kuyambira tsiku limene kadafika pakhomo.

"Mayi, chimene chakatsiriza ndi panadoyo," adatero. "Kwa mphaka, paracetamol ndi poizoni. M'bulu umodzi wa mamiligalamu 500 ungathe kupha mphaka wamkulu, ndiye kuli bwanji kamwana aka? Amaononga magazi kuti asanyamule mpweya, n'kuononganso chiwindi. Koma matendawa sadayambe dzulo. Pamene kadayamba kuchita chimbudzi chamadzi paliponse, kamakuuzani kuti kakudwala ndipo kalibe kolowera. Inu mumamva ngati mwano."

Ataona kuti mayiwo ndi oyembekezera, adafunsanso: "Amene wakhala akuwola zonyansazo ndani?"

"Ndine, adokotala."

"Ndi manja osavala kanthu?"

Mayi adangowerama.

Dokotala adafunsa zimenezi chifukwa cha kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Toxoplasma gondii. Akatswiri adakatulukira m'chaka cha 1908 ku Tunisia ndi ku Brazil, koma mpaka cha m'ma 1970 m'pamene zidadziwika kuti kamaswana m'matumbo a amphaka n'kumatuluka ndi chimbudzi. Mphaka amakatenga akadya khoswe, mbalame kapena nyama yaiwisi, ndipo amataya mazira ake kwa sabata imodzi mpaka zitatu akangokatenga koyamba, kawirikawiri akadali wamng'ono. Munthu wathanzi akakatenga nthawi zambiri sadwala n'komwe. Koma mayi akakatenga koyamba ali woyembekezera, kangathe kufika kwa mwana ali m'mimbayo, n'kuchititsa kupita padera kapena kuononga maso ndi ubongo wa mwana. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, kangathe kuyambitsa matenda oopsa a mu ubongo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mazirawo satha kupatsira munthu matenda atangotuluka kumene. Amafunika kukhala panja tsiku limodzi mpaka masiku 5 kuti akhwime. Chimbudzi chimene chili m'bokosi la mchenga lomukonzera mphaka, chowoledwa tsiku ndi tsiku, chimatayidwa mazirawo asadakhwime. Choopsa ndi chimene chabisika kunsi kwa bedi sabata yathunthu. N'chimodzimodzinso njoka za m'mimba, zimene ana a mphaka ambiri amazitengera mumkaka wa make: mazira ake amakhwima pakatha milungu iwiri kapena kuposerapo, ndipo amene amawameza ndi mwana wosewera pansi, woika zala m'kamwa. Choncho chikwapu chija sichidangozunza kamphaka kokha. Chidachotsa chimbudzi poonekera n'kuchitumiza kobisika, komwe chikadakhwimira pafupi ndi mayi woyembekezera ndi mwana wa zaka ziwiri.

Dokotala adawalangiza kuti akafotokoze zonsezi akapita kusikelo, ndiponso kuti asagwirenso zonyansa zotsalazo. Adawatsimikiziranso kuti nkhani yake si yodana ndi amphaka, pakuti anthu ambiri amatenga kachilomboka podya nyama yosapsa bwino, masamba ndi zipatso zosatsuka, kapena pogwira dothi la m'dimba n'kudya osasamba m'manja. Madzulo a tsikulo bambo adavala majumbo m'manja, nasuntha bedi ndi matumba onse, n'kutsuka paliponse ndi madzi owira ndi sopo. Zimene adapeza kuseri kwa chimanga zidawasowetsa chonena kwa nthawi ndithu.

"Amake mwana, safunsa adadya phula," adatero pomaliza.

Mphaka wachiwiri

Makoswe sadasamuke. Mayi atachira, khanda lili bwinobwino, kudamveka kuti mphaka wa azakhali a bambo ku Area 23 waswa. Ulendo uno adadikira. Adapempha azakhaliwo kuti kamene asankhako kakhale kwa make mpaka milungu 10, ndipo malo adawakonza kamphakako kasadafike.

Sadagule kanthu kodula. Bambo adatenga chigubu chakale cha malita 20, chija cha mafuta ophikira, nachitsuka, kuchidula cham'litali, n'kupala m'mphepete kuti musacheke. Mbali imodzi adaitsitsa mpaka masentimita 5 kuti timiyendo tifupitifupi tizitha kulowa mosavuta, pakuti bokosi lalitali kwambiri kamphaka kamalilambalala n'kukhala pambali pake. Beseni lakale lalifupi likadagwiranso ntchito yomweyo. M'kati adathiramo mchenga wa kumtsinje, wosefa, wokwana zala zitatu kuya kwake. Popeza mchenga wotola panja ungakhale kale ndi mazira a njoka za m'mimba kuchokera kwa agalu ndi amphaka ena, adayamba auwotcha m'chiwaya chakale pambaula, n'kuusiya kuti uzizire. Theka lina la chigubu lidakhala bokosi lachiwiri, potsatira lamulo limene odziwa za amphaka amapereka: mabokosi akhale ochuluka ngati amphaka a m'nyumbamo, n'kuonjezerapo limodzi.

Poika mabokosiwo adasankha pangodya pachete, posapita anthu pafupipafupi, kutali ndi khitchini ndi matumba a chimanga, komanso kutali ndi mbale yake ya chakudya ndi madzi, chifukwa mphaka sakonda kudzithandiza pamene amadyera. Adaonetsetsa kuti palibe chitseko chimene chingakatsekereze usiku. Tsiku lokatenga kamphaka, mtsikana uja adatapako dothi lodzadza dzanja pamalo pamene timphaka ta azakhali tinkadzithandizira, ali ndi jumbo m'manja, n'kudzawaza pamwamba pa mchenga watsopanowo kuti fungo lodziwika likalondolere. Masiku oyambirira adakasunga m'chipinda chimodzi chokha pamodzi ndi bokosi lake, kuti nyumba isakakulire. Zipinda zina adazitsegula chimodzichimodzi kataonetsa kuti kazolowera.

Ntchito yotsala idali yoyang'ana nthawi. Kamphaka kamafuna kudzithandiza kakangodzuka, kakangomaliza kudya, ndiponso kakatha kusewera. Pa nthawi zimenezi mtsikanayo ankakanyamula mofatsa n'kukaika pamchenga, n'kupalasa pang'ono ndi kamtengo kuti kaone. Sankakagwira miyendo mokakamiza, ndipo kakatuluka kasadachite kanthu ankakasiya, n'kudzayesanso pakapita kanthawi. Adaphunziranso kuwerenga zizindikiro: kakayamba kununkhiza pansi, kuzungulirazungulira, kupalasa simenti, kulira kapena kunjuta, ndiye kuti nthawi yakwana. Kakachita m'bokosi ankakasisita, kukalankhula ndi mawu otsika, nthawi zina n'kukapatsa kachidutswa ka nsomba yophika yopanda minga.

Kuphonya kudachitikako, kuseri kwa mpando. Palibe adakuwa. Palibe mayi amene amakwapula khanda chifukwa chonyowetsa thewera, ndipo kamphaka ka milungu 10 nako ndi kakhanda. Bambo adawola chimbudzicho ndi pepala n'kukachiika m'bokosi kuti fungo likhale pamalo oyenera, natsuka pamalopo ndi madzi otentha ndi sopo wamba mpaka fungo litatheratu. Adapewa mankhwala otsukira okhala ndi amoniya, chifukwa fungo lake limafanana ndi la mkodzo ndipo limakokera mphaka pamalo pomwepo. Pamalopo adaikapo mbale ya chakudya kwa masiku angapo, ndipo sikadabwererepo. Ufa, gaga ndi mpunga zidalowa m'ndowa zovindikira, lichero n'kumapachikidwa kukhoma. Sabata isadathe, kamphaka kadali kakupita kokha ku bokosi lake usana ndi usiku.

Pa ukhondo wa bokosi m'pamene ambiri amagwera. Mphuno ya mphaka imamva fungo kuposa yathu kutalitali, ndipo bokosi likada amalikana n'kukafuna poyera. M'banjamo adagwirizana kuti chimbudzi ndi mchenga wonyowa ziziwoledwa tsiku lililonse ndi kachitini kogwira ntchito yokhayo, n'kukataya m'chimbudzi chokumba kapena kukwirira mozama, kutali ndi chitsime ndi dimba la masamba. Pa manyowa othira m'masamba siziyenera kufikapo. Kamodzi pa sabata mchenga wonse umatayidwa, bokosi n'kutsukidwa ndi madzi owira, pakuti mazira a Toxoplasma sachedwa kufa ndi kutentha pamene mankhwala ambiri otsukira amawalephera. Wowola amasamba m'manja ndi sopo akamaliza. Mayi woyembekezera, kapena aliyense amene chitetezo chake chatsika, ntchitoyi aisiyire ena. Ngati palibiretu wina, avale magolovesi ndipo asadumphitse tsiku.

Mchenga wa m'sitolo, ndi mawu akuti "zachizungu"

M'masitolo akuluakulu a m'tauni mumapezeka matumba a timibulu todzadzira m'bokosi la mphaka. Malonda amenewa adawayambitsa Edward Lowe wa ku Michigan, ku America, m'chaka cha 1947. Mayi wina woyandikana naye adatopa ndi phulusa, limene mphaka wake ankalimwaza m'nyumba monse ndi mapazi, ndipo Lowe adamupatsa timibulu ta dongo louma lomwa madzi. Zisadafike pamenepo, a ku America nawonso ankagwiritsa ntchito mchenga, dothi ndi phulusa. Amene angakwanitse kugula agule, koma asamale ndi mtundu umene udafala kuyambira m'ma 1980, wa dongo la bentonite limene limaumbika likanyowa. Timphaka tating'ono timalawa chilichonse, ndipo dongo lotere likamezedwa lingathe kutseka m'matumbo. Kwa kamphaka kosakwana miyezi itatu sankhani wosaumbika ndi wopanda mafuta onunkhira. Utuchi nawo umathandiza, bola usakhale wa matabwa opaka mankhwala a chiswe. Phulusa lisiyeni, limadetsa nyumba, ndipo mphaka amalinyambita kumapazi.

Ena amati zonsezi ndi zachizungu, agogo athu ankaweta amphaka popanda bokosi. Zoona, koma agogo ankakhala pabwalo lalikulu, dothi lofewa lili pakhomo penipeni, mphaka akukulira pafupi ndi make kuseri kwa nkhokwe. Lero ambiri tikukhala m'nyumba za lendi, pansi pali simenti, mazenera ali ndi mawaya, zitseko zokhoma. Tidachotsa dothi m'nyumba, ndiye tiyenera kumubwezera mphaka pang'ono pokha. Ngakhale mphaka wotuluka panja amasankha pofewa, ndipo pofewa pa pulotipo ndi pa mulu wa mchenga pamene ana amasewera kapena pa bedi la mpiru. Pamchenga woterewu m'pamenenso mphutsi za njoka zina zimaboola khungu la ana oyenda opanda nsapato, n'kusiya mizere yoyabwa yokhotakhota kumapazi. Bokosi limateteza ana kuposa mmene limatetezera simenti.

Mphaka amene adazolowera bokosi akayamba mwadzidzidzi kuchita pena, musathamangire ndodo. Yambani mwaona ngati bokosi lada, ngati lasunthidwa, kapena ngati pali galu kaya mwana amene akumuopseza akakhala pamenepo. Zonsezi zikakhala bwino, ganizirani matenda. Kutsegula m'mimba kopitirira tsiku limodzi pa kamphaka kakang'ono, magazi m'chimbudzi kapena mumkodzo, kulira pokodza, ndi zizindikiro zofuna dokotala. Mphaka wamphongo amene akungonjuta pafupipafupi koma mkodzo osatuluka angakhale kuti njira yatsekeka, ndipo akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Ameneyo asagone pakhomo. Mankhwala a anthu musamupatse ngakhale pang'ono pokha popanda mawu a dokotala wa ziweto.

Chithandizo chilipo. Alangizi a ziweto amapezeka m'maofesi a zaulimi m'maboma onse, ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA. Kumeneko adzakuuzani ndondomeko ya mankhwala a njoka za m'mimba, amene amayamba kamphaka kakadali ka milungu yochepa, ndi katemera wa chiwewe, amene amaperekedwa kakakwanitsa miyezi itatu. Funsaninso za kufula wamphongo ndi kutseka wamkazi akafika miyezi inayi mpaka 6. Wamphongo wosafula amathira mkodzo wonunkha kwambiri m'makoma polemba malire ake, ngakhale ataphunzira bokosi bwino lomwe. Wamkazi angathe kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, n'kuswa pakatha masiku pafupifupi 65, ndipo m'menemo ndi momwe mumachokera timphaka togawidwa m'makatoni tisadasiye kuyamwa. Mukatola kamasiye kosakwana mwezi, kafunditseni, funsani dokotala za mkaka woyenera, ndipo mukatha kukamwetsa kasisiteni kunsi kwa mchira ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda, kuti kathe kukodza monga akadachitira make.

Inu amene makoswe akusowetsani mtendere ndipo mukuganiza zotenga mphaka, funsani msinkhu wake musadatambasule manja. Ngati sadakwane milungu 8, musiyeni kwa make ngakhale mwiniwake akukakamizeni. Konzani bokosi ndi mchenga iye asadalowe m'nyumba, vindikirani ufa, wolani tsiku ndi tsiku, ndipo akaphonya funsani chimene chalakwika m'malo momukwapula. Chiweto chimene mwachiitana pakhomo panu kuti chikulondereni chimanga sichingadzikonzere chokha malo. Udindo umenewo ndi wanu. Mukamva mnzanu akulangiza wina zokhudzitsa mphuno ya kamphaka pa chimbudzi, kapena zokamwetsa panado, musakhale chete. Wakutsina khutu ndi mnansi.